Mmene mungasungire kusalala kwa aluminiyamu pochita anodizing

Anthu ambiri opala zitsulo akaona timizere ta mpeni tatsalira pa chipangizo cha aluminiyamu amadzilimbitsa mtima kuti anodizing ikakwirira. Sikwirira ayi. Penti ndi amene amadzaza tizigwa n'kubisa zikande, chifukwa amathiridwa pamwamba. Khungu la anodizing silichokera kwina, ndi aluminiyamu yemweyo amene wasandulika, monga mmene nkhoko zimapangikira kuchokera ku nsima yomweyo pansi pa poto. Chipangizo chimanyikidwa mu asidi n'kulumikizidwa ku waya wa pozitivu wa magetsi a DC, ndipo okosijeni wochokera m'madzi amagwirana ndi aluminiyamu wa pamwamba n'kupanga khungu lolimba la okusaidi. Khungulo limatsata paliponse pamene pakwera ndi pamene patsika. Chikande chimene chinalipo chimakhalapobe, ndipo utoto ukalowa chimaoneka kuposa kale.

Komanso nthawi zambiri chipangizo chimatuluka chokhakhala pang'ono kuposa mmene chinalowera. Kukhakhalako kumachokera ku zinthu zitatu: kositiki soda amene amatsukira chipangizo asanachilowetse mu asidi, mtundu wa aluminiyamu, ndi kukhuthala kwa khungu limene mwakulitsa. Zonsezi mungathe kuzilamulira, kaya muli ndi kabafa ka asidi kanukanu m'shopu, kaya mumatumiza zipangizo kwa ena.

Choyamba: dziwani kusalala kumene mukufuna, ndipo yezani musanayambe

Kukhakhala amakuyeza ndi nambala yotchedwa Ra, m'mamayikiromita. Mayikiromita 1,000 ndiwo milimita imodzi, ndipo tsitsi la munthu limakhuthala mamayikiromita apakati pa 50 ndi 100. Makina oyezera ali ndi kansonga ka dayamondi kamene kamayenda pang'onopang'ono pamwamba pa chitsulo, kukwera timapiri ndi kutsika tizigwa, kenako amakupatsani avereji ya kukwera ndi kutsikako. Chipangizo chopalidwa bwino pa lathe kapena pa milling chimakhala ndi Ra ya 1.6 mpaka 3.2. Kupala mosamala kwambiri kumafikitsa pa 0.8, kunola pa makina kumafikitsa pa 0.4, ndipo chopolishidwa mpaka kudzionerapo nkhope chimakhala pansi pa 0.1.

Dzifunseni kuti chipangizocho chikukagwira ntchito yanji. Felemu la zenera kapena chikwangwani chimangofuna maonekedwe ofanana paliponse. Koma malo okhalapo O-ring (kalabala kozungulira kotchinga mafuta kuti asadonthe), kapena m'kati mwa silinda mmene mumayenda pisitoni, amafuna nambala yeniyeni, chifukwa kukhakhala kukapitirira mafuta amadontha ndipo labala amadyeka msanga.

Poyeza, kansonga kadutse mopingasa mizere ya mpeni, osati mowitsata. Pa Ra ya pakati pa 0.1 ndi 2, ikani cut-off (utali wa kagawo kalikonse kamene makina amawerenga) ya mamilimita 0.8, kuti kansonga kawerenge mtunda wa mamilimita 4. Yezani malo atatu kapena kuposerapo ndipo lembani malowo papepala kuti mudzabwererenso pomwepo. Ngati makina anu amapereka Rz, imene imayeza kuchokera pansonga ya timapiri kufika pansi pa tizigwa, ilembeninso, chifukwa Ra ndi avereji ndipo imatha kubisa dzenje limodzi lakuya limene ndilo lingadonthetse mafuta.

Mukasowa makina, gulani timbale toyerekezera kukhakhala, tija tokhala ndi magawo olembedwa Ra, ndipo muziyendetsa chikhadabo pa kambale kenako pa chipangizo. Si njira yolondola kwenikweni, koma imaposa kuyang'ana ndi maso. Maso amanamiza kwambiri pa nkhani imeneyi: chipangizo chosanyezimira chikhoza kukhala chosalala, ndipo chonyezimira chikhoza kukhala ndi mizere yakuya.

Pa nthawi yomweyi dulani tizidutswa titatu kapena tinayi kuchokera ku aluminiyamu yemweyo, mutipale ndi mpeni womwewo. Tizidutswa timeneti ndi toyeserapo, ndipo tizidutsa m'njira yonse limodzi ndi chipangizo kapena patsogolo pake.

Chachiwiri: dziwani mtundu wa aluminiyamu

Aluminiyamu wa m'shopu sakhala woyera. Amasakanizidwa ndi magineziyamu, silikoni, mkuwa, zinki ndi chitsulo pang'ono, ndipo zina mwa zinthuzi zimakhala ngati timbewu tating'onoting'ono tomwazikana m'kati. Timbewu timeneti sitisandulika pa liwiro limodzi ndi aluminiyamu wotizungulira. Ta mkuwa timasungunuka msanga mu asidi n'kusiya timaenje. Ta silikoni sitisungunuka ndipo sitisandulika bwino, choncho khungu limachita kutilambalala, n'kukula mosalingana. Apa ndi pamene kukhakhala kwambiri kumabadwira.

Mitundu ya aluminiyamu imadziwika ndi manambala, ndipo ya 5005, 5052, 6061 ndi 6063 imalandira bwino anodizing. 6063 ndi amene amapangira mafelemu ambiri a mazenera ndi zitseko, ndipo amatuluka wosalala, wowala bwino. 7075 ali ndi zinki wambiri ndi mkuwa pang'ono. Amatheka, koma amakhakhala kuposa 6061. 2024 ali ndi mkuwa woposa 4 peresenti, ndipo amavuta: khungu lake limakhala lofewerapo ndipo amapsa msanga m'bafa. Wovuta koposa ndi aluminiyamu wosungunulidwa n'kuthiridwa m'chikombole, monga A380 amene ali ndi silikoni wa pakati pa 7.5 ndi 9.5 peresenti. Ameneyu amatuluka wotuwa moderako, wa mawangamawanga ndi wokhakhala.

Mapoto ndi zipangizo zimene amisiri akwathu amaumba posungunula zotsalira za injini zili m'gulu lomalizali, popeza mapisitoni ndi zigoba za injini zimakhala ndi silikoni wochuluka. Zimakhalanso ndi timabowo ta mpweya m'kati, timene soda amatitsegula ndipo asidi amabisalamo n'kudzatuluka pambuyo pake ngati madontho oyera. Ine sindingalangize munthu kutaya ndalama kufuna khungu losalala pa zoterezi.

Ngati chipangizo chili chowotcherera, funsani waya amene anagwiritsa ntchito. Waya wa 4043 ali ndi silikoni pafupifupi 5 peresenti, ndipo msoko wake umada bii pambuyo pa anodizing. Waya wa 5356 umatuluka wofananako ndi chitsulo chozungulira.

Chachitatu: malizani kusalaza tsopano

Chilichonse chimene mukufuna kuchotsa, chotsani panopa. Kwechani ndi sandipepa wa m'madzi kuyambira wokhakhala kupita kwa wosalala, mwachitsanzo 240, 400, 600, 800, ndipo posintha nambala muzisinthanso kolowera kuti muone ngati mizere ya sandipepa wapitayo yatha. Ngati pamapeto pa ntchito yonse mukufuna Ra ya 0.8, lowani ndi chipangizo chosalala kuposa pamenepo, kuti pakhale mpata wa kukhakhala kumene kukubwera.

Musakweche ndi bulashi ya waya wachitsulo, ngakhale sandipepa amene anakwechera kale chitsulo. Tizidutswa ta chitsulo timalowerera mu aluminiyamu, amene ndi wofewa, ndipo pamene takhala pamatuluka timaenje takuda. N'chimodzimodzi ndi mikanda ya galasi yowombera pa makina a blasting: ikhale yosungidwira aluminiyamu yekha. Kuwomba mikanda kumabisa bwino mizere ya mpeni ndipo kumapereka maonekedwe ofanana osanyezimira, koma dziwani kuti kumakweza Ra, choncho phimbani malo a O-ring musanawombe.

Popolisha musakanikize kwambiri. Gudumu likatenthetsa chitsulo limapaka aluminiyamu wofewa pamwamba pa zikande, n'kumaoneka ngati zatha, koma soda akadya kapamwambako zikande zonse zimabwerera. Mukamaliza, musagwirenso ndi manja opanda magolovesi. Thukuta lili ndi mchere, ndipo chidindo cha chala chikagona masiku pa aluminiyamu chimadya chitsulo n'kudzaonekera khungu litakula kale.

Chachinayi: kutsuka ndi soda

Ngati pali malo amodzi pamene zipangizo zosalala zimaonongekera, ndi pano, ndipo anthu amanamizira asidi pomwe wolakwa ndi soda.

Yambani ndi kuchotsa mafuta ndi sopo wosadya aluminiyamu, m'madzi ofunda. Tsukuluzani, kenako yang'anani mmene madzi akuyendera pa chipangizo. Akayala ponseponse osaduka, mafuta atha. Akamathawa malo ena n'kupanga timadontho, bwerezani. Mafuta otsalira amatchinga soda, ndiye malo ena amadyeka ena osadyeka, n'kutuluka mawanga amene simungawachotsenso.

Soda amene tikunena ndi kositiki soda, yemwe uja amapangira sopo. M'mafakitale amasungunula magalamu pafupifupi 50 pa lita imodzi ya madzi, n'kutenthetsa kufika madigiri 50 mpaka 60. Pa kutentha kumeneku soda amadya aluminiyamu mofulumira, mayikiromita imodzi kapena kupitirira pa mphindi iliyonse, ndipo sadya mofanana. Amalowerera m'malire a timbewu ta chitsulo n'kusiya timaenje tosaoneka ndi maso timene timamwaza kuwala. Ndi chifukwa chake mafelemu a mazenera amakhala otuwa bwino osathobwa m'maso. Opanga mafelemu amachita dala, amasiya zitsulo m'soda mphindi zingapo kuti mizere ya makina okankhira aluminiyamu izimiririke.

Zotsatira za soda zimadalira pamene mwayambira. Pa chipangizo chokhakhala kale, soda amabunthitsa nsonga zakuthwa, ndipo Ra mwina singasinthe kwenikweni. Pa chipangizo chopolishidwa, mphindi imodzi yokha imachotsa kunyezimira konse n'kukweza Ra. Choncho amene wavutikira kwambiri kusalaza ndi amene amataya zambiri.

Tengani tizidutswa tanu tija. Kena kasalowe m'soda n'komwe, kena kakhale masekondi 30, kena mphindi 2, kena mphindi 5. Tsukuluzani, umitsani, yezani. Mukatero mudzadziwa mphindi zoyenera aluminiyamu wanuyo. Pa zipangizo zolowana ndi zina, zokhala ndi miyeso yothina, sankhani nthawi yochepetsetsa kapena musiyeni soda. Ngati mukutumiza kwa ena, auzeni momveka ndipo lembani pa chojambula kuti asadyetse soda, chifukwa mukapanda kunena adzachita mmene amachitira ndi mafelemu.

Chipangizo chikatuluka m'soda chimakhala ndi mwaye wotuwa kapena wakuda. Ndi zitsulo zosakanizidwa zija zimene soda walephera kusungunula. Mwaye umenewu amauchotsa ponyika chipangizo mu asidi wa nitric wosungunulidwa kapena m'mankhwala ena opangidwira ntchitoyi. Ukatsalira, khungu limakula mosalingana. Ofuna chipangizo chonyezimira kwambiri amanyika m'msakanizo wa asidi wa phosphoric ndi nitric wotentha pafupi ndi madigiri 100, umene umadya nsonga kuposa zigwa n'kutsitsa Ra. Utsi wake ndi woopsa, ndipo ntchito imeneyo isiyireni fakitale yokhala ndi zokokera utsi.

Soda ameneyu amawotcha khungu la munthu ndipo akalowa m'maso amachititsa khungu. Valani magalasi ndi magolovesi a labala. Thovu limene limatuluka aluminiyamu akamadyeka ndi mpweya wa haidrojeni, umene umayaka, ndiye mazenera akhale otsegula ndipo moto kapena fodya zikhale kutali.

Chachisanu: bafa la asidi

Pali mitundu itatu ikuluikulu ya anodizing imene malamulo a ku America a MIL-A-8625 anaitchula, ndipo mayina ake anafala dziko lonse. Type I imagwiritsa ntchito asidi wa chromic. Ndi njira yakale ya Bengough ndi Stuart ya mu 1923, imapereka khungu lopyapyala la mamayikiromita ochepa, ndipo sisintha kwenikweni kusalala. Type II ndi ya asidi wa sulfuric, imene pafupifupi aliyense amachita, ya khungu la mamayikiromita 5 mpaka 25. Type III ndi yolimba kwambiri, ya khungu la mamayikiromita 25 mpaka 100, kawirikawiri 50.

Lamulo lake ndi losavuta: khungu likamakhuthala, kukhakhala kumakwera. Type II yopyapyala pa 6061 imakweza Ra pang'ono chabe. Type III pa chipangizo chosalala imatha kukweza Ra kawiri, mwinanso katatu, ndipo pa 2024 kapena pa aluminiyamu wa m'chikombole imapitirira. Choncho musapemphe mamayikiromita 50 pamene 15 akukwanira.

Pa Type II, asidi akhale magalamu apakati pa 165 ndi 200 pa lita. Ngati mukugwiritsa ntchito asidi watsopano wa mabatire, amene amakhala pafupifupi 35 peresenti, magawo 2 a asidi m'magawo 3 a madzi amakufikitsani pamenepo. Thirani asidi m'madzi pang'onopang'ono, osati madzi mu asidi. Madziwo akhale osungunulira mabatire aja, opanda mchere. Madzi a pa mjigo kapena a pa mpopi amatha kukhala ndi kloraidi, ndipo kloraidi m'bafa amaboola timaenje m'chipangizo.

Magetsi muwawerengere pa kukula kwa chipangizo: maampu 1.2 mpaka 1.5 pa malo aliwonse a masentimita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi, mbali zonse zonyowa muziwerenge. Pa maampu 1.3, ola limodzi limapereka khungu la mamayikiromita pafupifupi 25, theka la ola pafupifupi 12. Kwezani magetsi pang'onopang'ono m'mphindi zoyambirira. Waya wogwirira chipangizo akhale wa aluminiyamu kapena titaniyamu, ndipo agwire zolimba, pamalo osaonekera.

Kutentha kwa bafa ndi kumene ndikufuna mukusamale koposa. Kukhale pakati pa madigiri 18 ndi 22. Asidi amagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi: amathandiza khungu kukula pansi, komanso amalisungunula pamwamba. Bafa likatentha, kusungunula kumapambana, timabowo tosaoneka ndi maso timene khunguli limakhala nato timakula kukamwa mpaka makoma ake amagumuka, ndipo pamwamba pamasanduka ufa woyera wochoka ndi chala. Magetsi enieniwo amatenthetsa bafa, ndiye m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene m'shopu ya malata mumapitirira madigiri 30, bafa losaziziritsidwa silingatulutse khungu labwino. Ikani chidebe cha asidi m'beseni lalikulu la madzi a ayisi, khalani ndi choyezera kutentha m'bafa nthawi yonse, ndipo ngati n'kotheka gwirani ntchito m'mawa. Type III imafuna madigiri apakati pa 0 ndi 5 ndi magetsi owirikiza kawiri, zimene sizitheka bwino popanda makina oziziritsira.

Takasani bafa mosalekeza, ndi kapampu ka mpweya kapena ka madzi. Kutentha kukaunjikana malo amodzi, makamaka m'mphepete mopyapyala, magetsi amathamangira pomwepo ndipo chipangizo chimapsa: pamatuluka chigamba choyera chokhakhala, mwinanso chitsulo chimadyeka ndithu. Chopsa sichikonzeka. Ngati magetsi a kwanu amathimathima, yambani bafa pokhapokha muli ndi jenereta kapena mabatire, chifukwa chipangizo chikakhala mu asidi magetsi atazima khungu limangosungunuka.

Za timabowo ta khungu labwino musade nazo nkhawa. N'tating'ono kwambiri, mananomita makumi ochepa m'lifupi (mananomita 1,000 ndiwo mayikiromita imodzi), pomwe kansonga ka makina oyezera n'kokula mamayikiromita 2 kapena 5. Kansongako kamangodutsa pamwamba osatimva, ndiye sitiwerengedwa mu Ra.

Chachisanu ndi chimodzi: miyeso ndi makona

Khungu limakula mbali ziwiri. Pa Type III, pafupifupi theka limalowa m'chitsulo ndipo theka limatumphuka kunja. Khungu la mamayikiromita 50 limakweza pamwamba ndi 25, kutanthauza kuti shafti imanenepa ndi 50 ndipo bowo limachepa ndi 50. Pa Type II chotumphuka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu. Chotsaniponso chimene soda wadya. Mazinga a mabawuti amamva kwambiri kusinthaku, choncho atsekeni ndi timapulagi ta labala.

Makona akuthwa abunthitseni. Khungu limakula molunjika kuchokera pa mbali iliyonse, ndiye pa kona yakuthwa mbali ziwirizo sizikumana bwino, pamatsala mng'alu umene umanyenyeka n'kukanda chala. Pa khungu la mamayikiromita 25 kona izungulire ndi rediyasi ya mamilimita pafupifupi 0.8, ndipo pa la 50 ikhale 1.6.

Chachisanu ndi chiwiri: utoto ndi kutseka timabowo

Utoto umalowa m'timabowo ndipo susintha Ra. Kutseka kumachitika powiritsa chipangizo m'madzi opanda mchere pa madigiri 96 kupita m'mwamba, mphindi 2 kapena 3 pa mayikiromita iliyonse ya khungu, kapena m'mankhwala a nickel acetate. Nthawi zina pamatsala kaufa kotuwa pamwamba. Pukutani ndi kansalu kofewa musanayeze, apo ayi makina adzawerenga ufawo. Zipangizo za Type III zokakhulana ndi zina nthawi zambiri sazitseka, popeza kutseka kumachepetsako kulimba kwa khungu.

Chachisanu ndi chitatu: yezaninso, ndipo konzani zotheka kukonza

Bwererani pa malo aja munalemba, kolowera komweko, cut-off yomweyo. Lembani m'kabuku mtundu wa aluminiyamu, Ra yoyamba, masekondi a soda, kutentha kwa bafa, maampu, mphindi ndi Ra yomaliza. Kukhuthala kwa khungu amakuyeza ndi kachipangizo ka eddy current kamene sikaononga kanthu, ndipo ochita anodizing ambiri ali nako. Apempheni akupatseni nambalayo.

Chipangizo cha Type III chikatuluka chokhakhala kupitirira muyeso, chimanoleka. M'kati mwa silinda amachita honing, pa malo afulati amachita lapping, ndi miyala kapena phala la dayamondi chifukwa khungulo ndi lolimba kwambiri. Kunolaku kumadya khungu, ndiye ngati mukudziwa kuti mudzanola, pemphani likhuthale mamayikiromita 10 kapena kuposerapo pamwamba pa chimene mukufuna chitsale. Khungu la Type II ndi lopyapyala, ndipo sandipepa amaliboola msanga n'kufika pa aluminiyamu woyera. Lingopukutidwa pang'ono basi.

Njira yotsiriza ndi kuchotsa khungu lonse n'kuyambiranso, koma ili ndi mtengo wake. Khungu lochotsedwalo linadya kale aluminiyamu, choncho chipangizo chimachepa ndipo mabowo amakula. Mukachotsa ndi soda, malo amene khungu layamba kuchoka amadyeka pamene ena akadali ophimbika, ndipo pamatsala pokhakhala kuposa poyamba. Muyenera kukwechanso ndi sandipepa kuyambira pa chiyambi, n'kuyeza miyeso yonse ndi choyezera chotchedwa maikromita musanaganize zobwezera m'bafa. Asidi ndi soda zotha ntchito musathire m'ngalande kapena pafupi ndi chitsime: asidi mufooketseni ndi laimu kapena soda wophikira mpaka thovu litasiya, ndipo matope ake muwasunge m'chidebe chotseka kufikira mutapeza kotayira koyenera.